Galasi la ku dalaivala latsika, lakana kukwera: ndiyambire pati?

Mayi a Tadala, Chilomoni

Abale anga, ndigawireni nzeru. Galimoto yanga ndi Toyota Fielder ya 2008, ndakhala nayo zaka zinayi. Lamlungu lapitali ndimachokera ku Lilongwe ku chinkhoswe cha mng'ono wanga. Nditafika pa toll gate ya Chingeni ndinatsitsa galasi kuti ndilipire. Ndalandira lisiti, ndikoke batani kuti likwere, zii. Ndinakokanso kachiwiri, kachitatu, ayi ndithu. Kumbuyo anthu ayamba kuliza mahutala, ndiye ndinangonyamuka choncho. Tisanafike pa Zalewa mvula inatipeza, ya mphepo ija yolowera cham'mbali. Ndinafika ku Blantyre mkono wamanja, chitenje ndi mpando zitanyoweratu.

Pano ndaphimba ndi jumbo yakuda ndi selotepu. Usiku tulo sindikutiona chifukwa galimoto imagona pabwalo, mpanda wathu ndi wa maluwa.

Magalasi atatu enawo akuyenda bwinobwino. Ili la ku dalaivala linayamba kale ulesi. Kuyambira m'chilimwe likafika pakati limakhala ngati latopa, mpaka ndimalithandiza ndi chikhatho, ndipo masiku ena limafuna ndikoke batani kawiri. Tsopano ndikakoka ndimangomva kaphokoso kakang'ono, kete, koma kulira kwa mota kuja kulibe.

Mnyamata wina pa garaja anangoyang'ana, osatsegula n'komwe chitseko, akuti tigule makina onse okwezera galasi pamodzi ndi swichi. Mtengo umene anatchula ukufanana ndi fizi ya mwana, ndipo uno ndi Januwale. Kodi palibe njira yodziwira chimene chafa ndisanatulutse ndalama? Nanga ndingalikweze bwanji kaye kuti ndizitha kukhoma galimoto?

Wa Magetsi a Galimoto, Ndirande

Pepani mayi ndi mvulayo. Musagule kanthu kaye. Ntchito imeneyi ndimagwira pafupifupi sabata iliyonse, ndipo n'zosowa kuti zonse zifere limodzi. Pa galasi pali zinthu zisanu: fyuzi, swichi, mawaya, mota, ndi chitsulo chonyamula galasi chimene timati regulator. Chafa ndi chimodzi, tichipeze.

Madzulo ano kukada, khalani m'galimoto, tembenuzani kiyi afike pa ON koma injini musalize. Yatsani kababu ka kudenga. Kenako kokani batani muli kuyang'ana kababuko. Kakazilala pang'ono, ndiye kuti moto ukufika ku mota ndipo mota ikukoka koma china chake chagwira, kaya galasi lachoka mu njira yake, kaya regulator yapindika. Zikatero siyani kukoka, mungawotche mota yabwinobwino. Kababu kakapanda kusintha, ndiye kuti moto sukudutsa: fyuzi, swichi, waya woduka, kapena makala a mu mota atha.

Poti magalasi atatu akuyenda, fyuzi yaikulu ili bwino. Koma ma Toyota ena ali ndi fyuzi yakeyake ya chitseko, choncho suzumirani pansi pa dashibodi mbali yanu, pa chivundikiro pamalembedwa POWER kapena DOOR. Mukapeza yapsa, ikani ya nambala yomweyo. Chonde musalole munthu akulungepo waya kapena pepala lonyezimira la mu paketi ya fodya. Ndinaona ndi maso anga mawaya a chitseko chonse atasungunuka chifukwa cha zimenezo.

Malo ena okayikitsa ndi labala wonga payipi uja ali pakati pa chitseko ndi galimoto, pafupi ndi mahinjesi. Mawaya onse amadutsa mmenemo, ndipo chitseko cha dalaivala ndi chimene chimatsegulidwa kwambiri, ndiye pakapita zaka waya amathyokera m'kati khungu lili bwinobwino. Kokani batani uku mukutsegula ndi kutseka chitseko pang'onopang'ono. Galasi likangogwedezeka pa malo ena ake, vuto ndi waya.

Koma mmene mwafotokozera, ulesi wa miyezi ndi kufuna kukoka kawiri, mtima wanga uli pa mota. M'kati mwake muli timakala tiwiri timene timakhudza mbali yozungulira. Tikaperepeseka, mota ikaima pa malo oipa siidzukanso. Yesani izi muli awiri: inu kokani batani osasiya, mnzanuyo amenye chitseko ndi chikhatho kapena chibakera cham'kati, chapakati chakumunsi, katatu kapena kanayi. Osati ndi hamala. Likayamba kuyenda, wina aligwire ndi zikhatho mbali zonse ziwiri n'kulithandiza, zala zisakhale pamwamba pa galasi. Likafika pamwamba musalitsitsenso "kuti muone ngati lachira". Silinachire, mwangoidzidzimutsa.

Wa Taxi ku Area 25

Zomenya chitsekozo ndi zoona, ine Sienta yanga ndinayenda nayo mwezi wathunthu motero. Ndiwonjezere chimodzi. Fumbi la m'misewu yathu, makamaka Okutobala, limadzaza mu labala amene galasi limayendamo. Labala akauma galasi limalemera, mota n'kumagwira ntchito ya anthu awiri. Ine ndimathira kaoyilo ka injini pang'ono m'mbali monsemo, limatsetsereka bwino. Komanso mayi, onani kabatani kokhomera magalasi kaja, mwina mwana anakadina.

Wa Magetsi a Galimoto, Ndirande

Achimwene, za fumbi mwalasa, ndipo ndi chimene chimapha mota zambiri kuno. Koma oyilo wa injini ayi. Sabata yoyamba limayenda bwino, kenako oyilo uja amagwira fumbi n'kusanduka phala, labala amafufuma, galasi limathimbirira. Tsukani njirayo ndi kansalu konyowa kokulungidwa pa kamtengo, iume, kenako poperani silicone spray. Imapezeka m'masitolo a sipeya ku Limbe ndi ku Ginnery Corner, kachitini kamodzi kakwana zitseko zonse n'kutsala. Gilisi malo ake ndi pa mano ndi njanji za regulator m'kati mwa chitseko, osati pa labala.

Kabatani kokhomera kaja kamatseka magalasi a okwera okha. La dalaivala silikhudzidwa.

Malume a ku Joni

Moni nonse kumudzi. Ine ndili ku Johannesburg, ndimayendetsa VW Polo. Langa linachita mosiyana ndi lanu mlongo, ndiye ndilembe kuti wina amene adzawerenge asasokoneze. Ndikukweza, ndinamva phokoso ngati chinthu chathyoka, galasi n'kugwera m'kati mwa chitseko lonse. Ndikadina batani mota imalira bwinobwino, kukukuta ngati chigayo, koma galasi osaoneka. Titatsegula tinapeza kuti regulator yake ndi ya kachingwe kachitsulo, ngati ka buleki ya njinga, ndipo tizipanira ta pulasitiki togwira galasi tathyoka, kachingwe kapotana. Apo kumenya chitseko sikuthandiza, ndipo mota siinali ndi mlandu. Ndinagula regulator yokha, mota ndinabwezera yomweyo.

Ngati mudzatsegule nokha, chenjerani ndi zinthu ziwiri zimene ine ndinalakwitsa. Choyamba, kuseri kwa chikuto cha chitseko kuli pepala la pulasitiki lomatidwa ndi phula wakuda. Ine ndinalikadzula n'kutaya, poganiza kuti n'lopanda ntchito. Mvula itabwera madzi anayamba kunyowetsa chikuto, sipika n'kuyamba kusasa mawu. Limatuleni pang'onopang'ono, mudzalibwezere. Chachiwiri, musanamasule galasi ku regulator, likwezeni ndi manja n'kulimata ndi tepu yolimba kudutsa pamwamba pa chitseko, kapena tsamiritsani kathabwa pansi pake. Ndipo ngati yanu ndi ya mikono yachitsulo yonga sizasi, musalowetse zala pakati pake pochotsa mota. Zina zimakhala ndi sipuling'i yamphamvu, ikafwamphuka imadula.

Poyembekezera, jumbo musamamatire pa penti ndi selotepu ya makatoni. Dzuwa likawomba zomatira zimatsalira, kuchotsa kwake n'kovuta.

Mayi a Tadala, Chilomoni

Ndabwera kudzathokoza ndi kukuuzani mmene zathera.

Lachiwiri usiku ndinayesa za kababu. Sikanasinthe ngakhale pang'ono. Fyuzi ndinaziona ndi tochi ya foni, zonse zamoyo. Kutsegula ndi kutseka chitseko sikunasinthenso kanthu. Ndiye ndinaitana Tadala, ine ndakoka batani, iye akumenya. Kachitatu tinamva mota ikubuula ngati munthu wodzuka ku tulo, galasi n'kusuzumira. Bambo a pa nyumba yoyandikana anathamangira kudzaligwira ndi zikhatho mpaka linatseka. Ndinakhala kaye phee mu mpando, misozi ili m'maso. Usiku umenewo ndinagona.

Loweruka ndinapita kwa mmisiri wina wa magetsi amene anzanga a kuntchito anandilozera, ndipo ndinamuuza kuti ndikufuna ndione chilichonse. Sanakane. Anamasula masikulu a pa chogwirira, n'kutukula chikuto, tizipanira tikulira phaphapha. Pepala la pulasitiki lija ndinamuuza ndekha kuti asang'ambe, anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndinaphunzira za umakanika. Regulator yanga ndi ya mkono wachitsulo ndi mano, ndipo inali bwinobwino, kungoti gilisi anali atauma ngati sopo wakale. Anayeza ndi mita pa pulagi ya mota ine ndikukoka batani, moto ukufika, kusonyeza kuti swichi imene ankafuna ndigule ija ilibe vuto. Atatsegula mota anandionetsa pa chikhatho timakala tija, kamodzi katatsala kakang'ono ngati njere ya mpunga, m'kati monse muli fumbi lakuda.

Tinakatenga mota ina yogwiritsidwapo kale ntchito ku msika wa Ndirande. Tinanyamula yakaleyo kuti tifanizire, ndipo zinathandiza, chifukwa yoyamba imene anatipatsa inali ya mawaya awiri pamene yanga pulagi yake ndi yaikulu, ya mawaya ambiri, poti ndi ya AUTO, ija yokweza galasi lokha ukakoka batani kamodzi. Tinapangana ndi wogulitsa kuti ikakana tibweza. Mmisiriyo ananenanso kuti mota ya mtundu umenewu siilumikizidwa ku batire mwachisawawa poyesa, muli kabolodi kamene kangapse. Kuchokera mu labala wa m'mbali munatuluka dothi lofiira lodzaza supuni. Zonse pamodzi ndi ntchito sizinafike theka la mtengo uja.

Chatsala chimodzi. Galasi likuyenda mwachangu ngati latsopano, koma AUTO siikugwira. Kale ndikakoka kamodzi limakwera lokha, pano mpaka ndigwirebe batani. Kodi motayi ndi yolakwika, ndikabweze?

Wa Magetsi a Galimoto, Ndirande

Musabweze mayi, mota ili bwino, kungoti siikudziwa pamene galasi limathera. Kiyi pa ON, zitseko zotseka, tsitsani galasi lifike chapakati. Kenako kokani batani osasiya mpaka litseke, ndipo likatseka gwiranibe masekondi awiri kapena atatu. Mukatero yesani AUTO. Ikakana ulendo woyamba, litsitseni mpaka pansi, gwiraninso batani masekondi angapo, n'kubwereza kukweza kuja. Zimenezi mwina mudzazifunanso tsiku limene mudzasinthe batire.

Ikagwira, pindani thaulo, muliike pamwamba pa galasi, n'kukweza ndi AUTO. Likakhudza thaulo liyenera kuima n'kubwerera pansi lokha. Poti mumanyamula ana, muyese zimenezo musanayende ulendo wina, ndipo mutiuze.