Intavyu ya kugulitsa zida za mu labu ya mabatire, ndithandizeni

Wa ku Leeds: Moni akuluakulu. Andiitana ku intavyu Lachinayi, ntchito ya technical sales pa kampani yogulitsa zida za mu labu kwa anthu ofufuza za mabatire. Ine ndinapanga chemistry ku Chanco kenako masters konkuno koma zogulitsa ayi sindinapangepo. Alipo akupanga zoterezi andiuzeko zomwe amafunsa chonde

Wa ku Coventry: Zabwino zonse achemwali, ndi ntchito yomwe ndikugwira ineyo. Choyamba musaganize kuti akufuna munthu wa pakamwa ngati venda wa mu Limbe. Anthu omwe muzikawagulitsa ndi maprofesa ndi ana a PhD, makinawo amaswera nawo tsiku lonse, akangoona kuti mukungolakatula za pa brochure basi sakuyankhaninso imelo. Chemistry yanuyo ndi imene akuitanirani.

Werengani za glovebox usiku uno. Ndi bokosi lija lodzadza ndi argon lokhala ndi magolovesi akuda atalitali, mkatimo oxygen ndi chinyontho zimafunika zikhale pansi pa 1 ppm (gawo limodzi pa miliyoni), ambiri amafuna 0.1. Akakufunsani chifukwa chake munene kuti lithium sagwirizana ndi madzi, komanso mchere wa LiPF6 wa mu electrolyte (timadzi ta mkati mwa batire) ukakumana ndi chinyontho umatulutsa asidi wa HF yemwe amawononga cell, batire lenilenilo, komanso ndi woopsa kwa munthu. Kenako mudziwe kusiyana kwa cycler ndi potentiostat, makina oyezera mabatire. Cycler ili ndi ma channel (malo olumikizapo ma cell) ambiri, ntchito yake kutchaja ndi kutsitsa moto wa ma cell kwa miyezi, monga za Neware, Arbin, Maccor. Potentiostat ma channel ndi ochepa koma imayeza mwakuya, za impedance zija (momwe cell ikukanizira magetsi kudutsa), apo mumva mayina a BioLogic, Gamry, Autolab

Wa ku Leeds: Zikomo achimwene, impedance ndinaigwirako pa project. Nanga akati ndiyerekeze kugulitsa ndiyambire pati?

Wa ku Coventry: Muyambe ndi kufunsa, osathamangira kutchula mtengo. Mukupanga ma cell anji, coin (onga ndalama yachitsulo) kapena pouch (a m'kathumba)? Angati nthawi imodzi? Pa temperature yanji? Munthu wa ma coin cell a CR2032, kaja ka 20 mm mulifupi, amagwiritsa ntchito ma milliamp ochepa chabe, ndiye mukamupatsa makina a ma amp 100 chifukwa choti ndi odula ndipo komishoni ikhala yabwino, data yake ituluka yoipa ndipo akauza dipatimenti yonse. Anthuwa amadziwana, amakumana m'misonkhano yomweyomweyo ya Faraday Institution, bungwe la ku UK la kafukufuku wa mabatire, mbiri imayenda msanga.

Wa ku Münster: Ndilowerereko pang'ono, ine ndili mbali ya installation kuno ku Germany. Chonde achemwali mukayamba ntchito muzikaona kaye malo musanatumize kotesheni. Ndinafikapo pa labu ina ndi glovebox yomwe wa sales anagulitsa pa foni osapitako, chinthu chija kukana kulowa mu lift, labu ili pa floor yachitatu, chinakhala pansi mu kholido chokutidwa ndi pulasitiki mpaka anachita kuitanitsa anthu onyamula katundu wolemera ndipo mkangano unali woti alipire ndani. Muziyenda ndi tepi m'chikwama. Yezani chitseko, yezani lift, funsani argon achokera mu silinda kapena mu paipi, soketi ili kuti, utsi wa pampu utulukira kuti.

Ndipo munthu wofunika kwambiri pa labu ndi technician. Profesa amasaina inde koma amene amadziwa kuti makina ati amavuta, ati atsala pang'ono kufa, ndi technician. Mumupatse ulemu wake, akaimba foni kuti sensa ya oxygen ikuwerenga zachilendo muyankheni tsiku lomwelo ngakhale palibe chogulitsa

Wa ku Pretoria: Zoona zimenezo. Kuno ku Joni makasitomala athu ndi CSIR (bungwe la boma la kafukufuku) ndi mayunivesite ngati UWC (University of the Western Cape), vuto lathu ndi rand, katundu timagula mu euro kapena dola ndiye kotesheni timalemba kuti ndi ya masiku 30 okha. Komanso cycler sitigulitsa osakambirana za UPS, kachipangizo kosunga moto magetsi akazima, magetsi akathima pakati pa test ya miyezi itatu mwana wa sukulu amalira zenizeni.

Wa ku Coventry: Eya, china cha kuno ku UK, chaka cha ndalama cha mayunivesite ambiri chimatha pa 31 July. June ndi July mafoni amachuluka, aliyense akufuna agwiritse ntchito zotsala, pomwe glovebox kuti ipangidwe ndi kufika pamadutsa miyezi, ndiye muziwauza chilungamo za lead time, nthawi yodikira katunduyo. Zodula kwambiri zimadutsa ku procurement, ofesi yogula katundu, mwina tender, sale imodzi ikhoza kukutengerani chaka. Mukatchula zimenezi pa intavyu aona kuti mwafufuza.

Wa ku Leeds: Ndalemba zonse. Za malipiro alemba OTE, ndiye kuti chani kwenikweni?

Wa ku Glasgow: Apo samalani mwana wanga. OTE ndi basic kuphatikiza komishoni yomwe mungapeze mukakwanitsa target. Pa Skilled Worker visa, yogwirira ntchito kuno ku UK, a Home Office amawerengera basic yotsimikizika yokha, komishoni ndi bonasi ayi. Ndiye afunseni basic ndi zingati, ndipo onani nokha ngati kampaniyo ili pa mndandanda wa ma sponsor, makampani ololedwa kulemba anthu pa visa imeneyi, pa gov.uk. Afunseninso kuti makasitomala awo ambiri ndi ndani. Makampani a mabatire amagwa, Britishvolt inagwa mu January 2023, Northvolt ya ku Sweden mu March 2025, kampani yodalira ma startup okhaokha imagwedezeka zikatere, pomwe ya mayunivesite imayendabe pang'onopang'ono. Ntchito ikatha nthawi zambiri amakupatsani masiku 60 okha kuti mupeze sponsor wina, si zocheza.

Layisensi muli nayo? Ntchito imeneyi ndi ya pa msewu.

Wa ku Leeds: Ndili ndi ya ku Malawi amayi, koma ndakhala kuno kupitirira chaka

Wa ku Glasgow: Ndiye yatha mphamvu imeneyo, imagwira miyezi 12 yokha ndipo ya kwathu sasintha ngati momwe amachitira ndi ya South Africa kapena Zimbabwe. Pangani apply provisional (layisensi yophunzirira) lero lomwe, mubuke mayeso a theory, Lachinayi mukawauze kuti mwayamba kale.

Wa ku Coventry: Lachitatu madzulo ndikaweruka ndili mpata, mundiimbire cha m'ma 7 tiyeserere, ine ndikhala profesa wovuta wofuna cycler ya ma channel 16 koma ndalama zake ndi zochepa.