Ndithandizeni pa mphete ya siliva ya 925

Abale anga, ndigawireniko nzeru. Achimwene anga akumanga banja mwezi wamawa kuno ku Mangochi, ndipo andituma kuwapezera mphete ya siliva, poti m'Chisilamu amuna savala golide. Ndaona ina pamsika, mkati mwake adindamo 925. Ndikudziwa kuti nambalayi imatanthauza kuti magawo 925 pa 1,000 ndi siliva weniweni, otsalawo nthawi zambiri ndi kopa, chifukwa siliva payekha ndi wofewa, sachedwa kupindika. Koma chidindo aliyense angachikhome, ngakhale pachitsulo chongokutidwa siliva pamwamba. Maginito sakoka siliva, zoona, komanso kopa samukoka, ndiye kuyesa kumeneko sikukundifika pamtima.

Nkhawa yanga yaikulu nayi. Achimwenewo ndi asodzi, manja amakhalira m'madzi ndi m'mamba a chambo, kuwonjezera thukuta la kutentha kwa kunyanja kuno. Siliva amada akakhalitsa pamphepo ndi pathukuta. Kodi mphete yotere ingapirire? Ikada mumaitsuka ndi chiyani osaikanda? Ena akuti phulusa, ena soda.

Nanga alipo mmisiri ku Mangochi, Zomba kapena Blantyre amene amayesa siliva munthu asanalipire?