Ngati mwala umachenjeza usanasweke, bwanji chivomerezi sichiloseredwa?

Mphunzitsi wa ku Chilumba:
Akuluakulu, ndamva kuti akatswiri akamapanikiza mwala m'makina awo, mwalawo umayamba kuthetheka usanaphwanyike. Ngati zili choncho, zinatheka bwanji kuti mu Disembala 2009 nthaka igwedezeke ku Karonga kwa masabata angapo popanda wina wonena tsiku limene chivomerezi chachikulu chidzafike?

Wophunzira za miyala:
Aphunzitsi, zimene mwamvazo n'zoona. Mwala ukapanikizidwa, mkati mwake mumachita timing'alu tambirimbiri, ndipo kachipangizo komatidwa pamwalapo kamamva kuthetheka kulikonse ngakhale khutu la munthu silimva kanthu. Poyamba timing'aluti timabalalika paliponse, koma kusweka kukayandikira timachuluka mofulumira n'kusonkhana mumzere umodzi, ndipo mwalawo umafufuma pang'ono. Chovuta n'chakuti mwala woyesedwawo ndi wokwana m'manja ndipo mphamvu yake tikuidziwa, pomwe mng'alu wobala chivomerezi umayambira makilomita ambiri pansi pa nthaka, kumene palibe amene angamate chipangizo.

Agogo okonda mbiri:
Ndiwonjezepo nkhani ya ku China. Mu Febuluwale 1975 akuluakulu a boma ku Haicheng anatulutsa anthu m'nyumba ataona kuti tizivomerezi tachuluka, ndipo chachikulu chitafika pa 4 mweziwo anthu ambiri anapulumuka. Komabe pa 28 Julayi 1976 chivomerezi cha ku Tangshan chinafika popanda chenjezo lotere n'kupha anthu oposa 240,000. Tsoka lake n'lakuti kachivomerezi kotsogola sikasiyana ndi kena kalikonse, moti timangokatcha kotsogola chachikulucho chitadutsa kale.

Wakale wa mumgodi:
Ine ndikuona kuti kusiyana kwagona pa kuona ndi maso. Ku mgodi wa mkuwa wa Bingham Canyon ku Utah m'dziko la America, zipangizo za radar, zoyeza kusuntha kwa nthaka zili patali, zinaonetsa khoma la dzenjelo likutsetsereka, liwiro lake likukwera tsiku ndi tsiku, moti pamene linagumuka mu Epulo 2013 antchito anali atachotsedwamo kale ndipo palibe anavulala. Ku Parkfield ku California zinthu sizinatero. Akatswiri anayembekezera chivomerezi pofika chaka cha 1993, anatchera zipangizo zambiri pamalopo, koma chinafika mu 2004 popanda chizindikiro chomveka. Ku Karonga kwanuko, Aphunzitsi, akatswiri angathe kukuuzani kuti muli m'chigwa chachikulu cha ming'alu cha kum'mawa kwa Africa, koma tsiku sangalitchule, n'chifukwa chake amalimbikira za kamangidwe ka nyumba.