Ulendo wa kumudzi pa basi ndi mwana wamng'ono

Mayi wa ku Rosettenville: Abale anga, mu Disembala tikufuna kupita kwathu ku Mulanje pa basi ndi mwana wazaka ziwiri amene anabadwira kuno ku Johannesburg. Kodi tikonzekere bwanji?

Bambo wa ku Turffontein: Amayi, konzeranitu pasipoti ya mwanayo ndi chikalata chake cha kubadwa, chifukwa nyengo imeneyo mizere pa Beitbridge, chipata cha m'malire a South Africa ndi Zimbabwe, imatalika kwambiri, ndipo n'zopweteka kubwezedwa mutaima padzuwa mwana ali kumsana.

Agogo a ku Yeoville: Mwana wanga, ine nkhawa yanga ndi malungo, popeza kuno kulibe ndipo mwanayo sanakumanepo nawo. Kaonaneni ndi adokotala musananyamuke, ndipo kumudziko azigona m'neti usiku uliwonse.

Mayi wa ku Berea: Ku Tete kumatentha koopsa, choncho mutenge madzi okwanira, matewera ndi zovala zopepuka.