Kulamula Docker ya pa seva yakutali ndili pa laputopu

wophunzira_ntchito:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndili ndi ma seva awiri a Ubuntu, onse ali ndi Docker, pulogalamu yoyendetsa mapulogalamu ena m'timabokosi totchedwa ma container. Ndikafuna kuona ma log kapena kudzutsa container yomwe yagwa, ndimalowa ndi ssh (njira yotetezeka yolowera pa kompyuta yakutali), kulemba, kutuluka, kulowanso kwinako. Zanditopetsa. Mnzanga akuti nditsegule port 2375 kuti laputopu izilankhula ndi Docker mwachindunji. Komanso seva yachiwiri ilibe IP yakunja, ndimadutsira pa yoyamba.

mlonda_wa_seva:
Achimwene, 2375 musayerekeze. Pamenepo palibe password, palibe TLS yobisa zomwe zikudutsa pa netiweki. Aliyense woipeza atha kudzutsa container yogwira disk yanu yonse, ndiye kuti seva yapita. Ya TLS ndi 2376, koma ma certificate ake ndi chintchito china.

Kuyambira Docker 18.09, ssh yomweyo ndi yokwanira, ndipo 19.03 inabweretsa ma context, omwe amauza Docker ya pa laputopu seva yoti izilankhula nayo:

docker context create seva1 --docker "host=ssh://dzina@seva1"
docker context use seva1

Mukalemba docker ps, muona za kutaliko. Gwiritsani ntchito key ya ssh polowa, ndipo dzina lolowera nalo likhale m'gulu la docker pa sevapo. Dziwani kuti gulu limeneli mphamvu zake n'zofanana ndi root, akaunti yolamula chilichonse pa sevapo, choncho key muisamale.

dada_wa_linux:
Za seva yachiwiriyo, Docker imangoitana ssh ya pa kompyuta yanu, ndiye imamvera fayilo ya makonzedwe a ssh, ~/.ssh/config. Pansi pa Host seva2 lembani ProxyJump seva1 kuti ssh izidutsira pa seva yoyamba, basi. Onjezaninso ControlMaster auto, ControlPath ndi ControlPersist 10m, kuti ssh imodzi izikhalabe yotsegula n'kumagwiritsidwanso ntchito. Kupanda kutero lamulo lililonse limatsegula ssh yatsopano, ndipo netiweki ikafooka mudikira mpaka kukwiya.

wazaka_pantchito:
Ine zinandiluma ziwiri. Ndinalemba -v ./data:/data, yolumikiza foda ku container, ndikuganiza kuti itenga mafayilo a pa laputopu, koma Docker imawafunafuna pa seva, container n'kudzuka foda ili mbee. Chachiwiri chinandipweteka kwambiri: ndinaiwala kuti context ikadali pa seva ya kasitomala, n'kulemba docker compose down, lamulo lozimitsa ndi kuchotsa ma container. Webusayiti yawo inazima masana, anthu akugula. Kuchokera tsiku limenelo sindilembanso context use. Ndimalemba docker --context seva1 nthawi iliyonse, ngakhale n'zotalika.

Musanapange build, lembani .dockerignore, fayilo yotchula zomwe Docker isatumize. Mafayilo amachoka pa laputopu kupita ku seva, ndipo foda yaikulu ngati node_modules ikalowamo bandulo sichedwa kutha.

wophunzira_ntchito:
Zikomo nonse. ProxyJump yagwira, ma container a seva2 ndikuwaona ndili pano. Poyamba imakana chifukwa ndinali ndisanalowepo ndi ssh pa dzina latsopanolo kuti ndivomereze host key, chizindikiro cha sevayo. A dada_wa_linux, ControlPath inuyo mumaloza foda iti?