Ma invoice akufika kawiri mu Outlook, kodi ndifufute malamulo onse?

MayiWaMaakaunti_Makata

Moni nonse. Ndimagwira za maakaunti pa kakampani ka mathiraki kuno ku Makata, timanyamula katundu wa anthu pakati pa Blantyre ndi Beira kudzera ku Mwanza. Imelo yathu ndi ya pa domain yathu. Ine ndimaiwerenga ndi Outlook pa kompyuta ya mu ofesi, bwana amaiwerenga pa foni, ndipo mnyamata wa ku dispatch anaiikanso pa laputopu yake.

Chandivuta ndi ichi. Ma invoice ochokera kwa amene amatigulitsa matayala ndi dizilo akufika kawiri. Ina ndimaipeza mu foda ya "Ma Invoice", inzake mu foda yolembedwa dzina la kampaniyo. Nthawi zina yachitatu imangokhala mu Inbox ngati sinatsegulidwe. Kumathero a mwezi bwana anatsala pang'ono kusainira ndalama za matayala omwewo kachiwiri, mwayi anaona okha kuti nambala ya invoice ndi imodzi. Maimelo a anthu wamba safika kawiri ayi, ndi okhawo olowa m'mafoda.

Malamulo osankha maimelowa anaika ndi mnzathu amene anasiya ntchito, ndipo ndi ambiri, ena ali ndi mayina onga "rule 2 new". Wina wandiuza kuti ndiyatse Outlook ndi /cleanrules ndiyambe kumene. Ndichite zimenezi?

Mkulu_wa_ku_Ginnery

Mayi, /cleanrules ija musaikhudze kaye. Imasesa malamulo onse osakufunsani, ndipo mwa iwo mulinso abwino amene akukugwirirani ntchito mwakachetechete. Choyamba pitani pa File, Manage Rules & Alerts, Options, kenako Export Rules. Mupeza kafayilo kothera ndi .rwz, kasungeni pa flash. Zikasokonekera mudzangokabwezera.

Musanaimbe mlandu malamulo, tsimikizani kuti uthengawo ndi umodzidi. Tsegulani invoice ya mu foda yoyamba podina kawiri, pitani pa File, Properties, muyang'ane bokosi la Internet headers. Fufuzani mzere woyamba ndi Message-ID, imene ndi nambala yozindikiritsa uthenga uliwonse. Chitani chimodzimodzi ndi inzake ija. Nambalazo zikasiyana ndiye kuti a matayalawo anatumiza okha kawiri, muwaimbire foni, nkhani yathera pomwepo. Zikafanana, uthenga unatumizidwa kamodzi ndipo ukuswana kwanu kuno.

Ine ndikukayikira kwanu kuno, chifukwa mwanena kuti makope awiriwo ali m'mafoda osiyana. Outlook amawerenga malamulo kuchokera pamwamba kutsika, ndipo lamulo limodzi likagwira uthenga saima, amapitirira mpaka lomaliza. Ndiye tinene kuti lina likuti "mutu ukakhala ndi mawu oti invoice, upite ku Ma Invoice", lina pansi likuti "ukachokera kwa a matayala, upite ku foda yawo". Invoice ya matayala ikukwanira monse muwiri. Outlook sasankha kuti wamkulu ndani, amangoika kope uku ndi uku.

Mankhwala ake ndi kabokosi kamodzi kolembedwa "stop processing more rules". Tsegulani lamulo lililonse losuntha uthenga, pa tsamba lofunsa chochita nawo muchonge pamenepo. Mukatero dongosolo lake limakhala nkhani yaikulu, poti loyamba kugwira ndi lomwe latenga. Ngati mukufuna ma invoice onse pamodzi, lamulo la invoice likwezeni pamwamba ndi kamuvi kali pambalipo. Ngati mukufuna kampani iliyonse payokha, kwezani a makampani. Ine kwa munthu wa maakaunti ndingasankhe foda imodzi ya ma invoice, chifukwa kumathero a mwezi simufuna kumatsegula mafoda khumi.

Yotsala mu Inbox ija yang'anani mawu ake bwinobwino. Pali "move it to the specified folder" ndipo pali "move a copy to the specified folder". Ali pa mndandanda umodzi, ndipo munthu wothamangira minibasi ya ku Chirimba angachonge lolakwika. Lachiwirili limasiya uthenga weniweni mu Inbox.

Dada_wa_Namiwawa

Akulu afotokoza bwino, koma achemwali mwatchula laputopu ya ku dispatch ndipo ine mtima wanga uli pamenepo. Akaunti ya pa hosting wamba (kampani yokusungirani imelo pa seva yake), yolowa ndi IMAP (njira yowerengera maimelo ali pa seva pomwepo), malamulo ake a Outlook sakhala pa seva. Amakhala pa makina amene anaikidwapo ndipo amagwira pokhapokha Outlook ali wotsegula. Ngati mnzanu uja anakopera malamulo omwewo pa laputopu, m'mawa makina onse awiri akayaka amaona uthenga watsopano nthawi imodzi ndipo aliyense amausuntha. Kusuntha kwa IMAP m'mapulogalamu ambiri ndi ntchito ziwiri: kukopera ku foda ina, kenako kufufuta woyamba. Onse akakopera wina asanafufute, makope ndi awiri mu foda imodzimodzi. Netiweki ikadukira pakati, kapena magetsi akazima rauta n'kuthima, kope limafika koma woyamba sanafufutidwe, ndiye uja mukumupeza mu Inbox.

Malamulo akhale malo amodzi basi. Ngati hosting yanu ndi ya cPanel (tsamba la pa intaneti loyendetsera akaunti zanu za imelo pa seva), ndi bwino kuwaika pa Email Filters kumeneko, chifukwa amagwira uthenga ukangofika pa seva, ndipo foni ya bwana idzaupeza uli kale mu foda yake ngakhale kompyuta yanu ili yozima. Kumenekonso kuli "Stop Processing Rules", musaiwale.

Mukadali mu cPanel momwemo suzumirani pa Forwarders. Ndinaonapo ofesi ina ku Limbe pomwe adiresi ya info inkatumiza zonse ku ya accounts, pamene ogulitsa ankalemba ma adiresi onse awiri, ina pa To ina pa Cc. Message-ID inali imodzi, koma mizere ya Received ya mu Internet headers inkasonyeza kuti kope lina ladzera njira yaitali.

Onaninso kuti laputopuyo ili pa IMAP kapena POP3 (njira yokokera maimelo kuchoka pa seva kubwera pa makina). Nambala ya port imaulula: 993 ndi IMAP, 995 ndi POP3. Ya POP3 yochongedwa kuti izisiya kope pa seva imatha kukokanso maimelo akale onse ikaiwala amene inatenga kale, koma pamenepo mukanaona chigumula mu Inbox, osati ma invoice okha.

Chilomoni265

Kwa amene akuwerenga ali pa Gmail, musathamangire kufufuta. Gmail alibe mafoda enieni, ali ndi ma label. Uthenga umodzi ungakhale ndi ma label atatu, ndipo mukautsegula kudzera mu Outlook umaoneka m'mafoda atatu ndi mu All Mail momwe, koma ndi umodzi. Mukauponya ku Trash wachoka monsemo. Ngati simukufuna kuuona mu Inbox, mu filter muchonge "Skip the Inbox". Message-ID kumeneko imapezeka pa "Show original".

MayiWaMaakaunti_Makata

Zikomo kwambiri nonse, mwandimasula. Message-ID ndi imodzi pa makope onse. Ndapeza lamulo la mawu oti invoice lili lachiwiri kuchokera pamwamba, la a matayala lili pansi penipeni, onse opanda "stop processing more rules". "Rule 2 new" uja ndiye wa "move a copy", ankakopera chilichonse chokhala ndi attachment n'kusiya chenichenicho mu Inbox. Ndamuchotsa chongi, sindinamufufute. Laputopu ya ku dispatch ili pa 993 ndipo malamulo omwewo analimo, ndawazimitsa onse mwini wake akuyang'ana.

Ndapempha a dizilo atumizenso invoice ya sabata ino, yafika kamodzi. Tsopano makope akale aja ali mbwee m'mafoda. Ndaona batani la Clean Up Folder, ndidine?

Mkulu_wa_ku_Ginnery

Pa ma invoice ayi, Mayi. Clean Up Folder ntchito yake ndi kuchotsa mauthenga amene mawu ake abwerezedwa m'mayankho a pambuyo pake, ndipo imayang'ana foda imene mwaiuza, siyerekeza foda ya Ma Invoice ndi ya a matayala. Chitani pamanja. Sunthirani zonse mu foda imodzi, dinani pa mutu wa Subject kuti zofanana zikhale moyandikana, muone kuti tsiku, ola ndi kukula kwake zikugwirizana. Zowonjezerazo muziike mu foda yatsopano, muitche "Zobwereza", ikhale mpaka owerengera mabuku atadutsa chaka chino.

Za kusamutsira malamulo ku cPanel zimene anena a Dada ndikugwirizana nazo, koma tsiku lomwe mudzawaike kumeneko muzimitse a mu Outlook yanu, apo ayi muyambiranso kulandira kawiri.