Agalu awiri ndi kamphaka, bini ikudzaza msanga, nditani?

Amake Chisomo, Chilenje:
Muli bwanji nonse, ndithandizeniko nzeru abale. Pakhomo tili ndi agalu awiri ndi kamphaka kamene mwana anatola pobwera ku sukulu, manje bini ikudzaza masiku atatu okha pamene otenga zinyalala amabwera kamodzi pa sabata, nthawi zina kudumphitsa kumene. Ndikasuzumira mkatimo ndi timapaketi ta chakudya cha mphaka, mchenga wake uja wogula umene ukanyowa umalemera ngati simenti, ndi mapulasitiki otoleramo tuvi ta agalu. Abambo akunyumba akuti tizingotentha kuseri koma utsi wa pulasitiki chifuwa changa sichilola. Anzanga mumachita bwanji?

Wa ku Kalingalinga:
Amai mchenga wogulawo usiyeni. Pitani kwa akalipentala mu Alick Nkhata Road kapena ku Buseko kumene amacheka matabwa mukapemphe utuchi, saka imodzi mukhala nayo nthawi yaitali ndipo supanga fungo ngati mukusintha. Koma funsani kuti ukhale wa matabwa opanda mankhwala kapena penti. Poyamba sakanizani ndi mchenga wakalewo, mphaka ndi wamakani, mukasintha tsiku limodzi akayamba kukuchitirani pansi pa bedi.

Amake Tamara, Matero:
Asisi ine timapaketito ndinatisiya kalekale, kamodzi kamatha tsiku limodzi ndiye pa mwezi mwataya tingati? Agalu anga ndimawaphikira nsima ya unga wa rola mu poto yakale, ndimaikamo zodulidwa za ku butchala, zamkati za nkhuku ndi masamba otsala, ku butchalako ndimapita ndi kabaketi kanga ka chivundikiro kuti asandipatse pulasitiki. Saka ya unga ya 25kg ikatha ndimaikamo zovala zong'ambika, basi pogona pa galu pamenepo, ikada kuchapa. Chenjerani ndi ndiwo zotsala zimene muli anyezi wambiri, anyezi amawononga magazi a galu ndi mphaka yemwe, ndiponso mafupa a nkhuku ophika amasweka mosongoka nkubaya m'matumbo. Mphaka yekha musamuzoloweze nsima, thupi lake limafuna nyama kapena nsomba, wanga ndimamupatsa kapenta wonyenyeka wa ku msika wa Soweto koma ndimayamba ndamuviika kuti mchere uchoke.

Ankolo a ku Kanyama:
Zonsezo nzabwino koma ine nkhawa yanga ili pa tuvito. Wina akuuzani kuti kumbani dzenje muzikwirira, inde zimatheka, koma yambani mwaona kumene mukhala. Lusaka yathu yakhala pa miyala yamabowo, madzi apansi ali pafupi makamaka kuno kwathu, mvula ikagwa zonse zimalowa mu zitsime, amene tinaona kolera ya 2024 anthu akugonekedwa ku Heroes Stadium za madzi sitiseweretsa. Ngati pali chitsime kapena borehole pafupi musakwirire, tolani ndi fosholo mutaye mu toilet, pulasitiki simufunanso. Ngati malo ndi ouma kumbani kutali ndi dimba, muzithira phulusa la mbaula pamwamba. Ndipo musaike mu manyowa a repu kapena chibwabwa ngati mmene timachitira ndi ndowe za nkhuku, mu tuvi ta galu mumakhala mazira a njoka zam'mimba amene amakhalitsa mu dothi, ana ndi amene amasewera momwemo. Ta mphaka tokha musathire mu toilet, muli kachilombo ka toxoplasma koopsa kwa amai oyembekezera, chotsani tsiku lililonse, mukulunge mu nyuzipepala tipite mu bini, tikathere kotayira zinyalala ku Chunga. Woyembekezera asagwire bokosi lochitiramo mphaka.

Amake Chisomo, Chilenje:
Zikomo kwambiri nonse. Ankolo mwanditsegula maso, mng'ono wanga ali ndi pakati ndipo ndi amene amayeretsa bokosi la mphaka, kuyambira lero ndichita ndekha. Utuchi ndikaona Loweruka. Nanga ubweya umene amayoyola pa khonde, nawonso ungalowe mu manyowa kapena ayi?